Mizu ya ku Tchaina pa kanjira ka ku Chinsapo

Chaka chimene ndinkagulitsa nsapato mushopu ya Mtchaina m'tauni, amayi anga anadwala chifuwa cha makhololo. Chinayamba ndi chisanu cha mu Juni, fumbi la Ogasiti linachipeza chilipobe. Kuchipatala anawayeza nanena kuti si TB, koma wogula zitumbuwa amafunsa za kuchipatala ngati? Amayi ankagulitsira zitumbuwazo pakhomo pathu ku Chinsapo, m'mbali mwa kanjira kopita kusiteji ya minibasi. Akangoti khoo, munthu ankabweza dzanja m'thumba. Beseni linayamba kubwerera m'nyumba lili theka, pomwe banja lonse tinkadalira lomwelo.

Mushopumo munkakhalanso mayi ake a bwana, agogo aafupi osadziwa Chichewa ngakhale cha moni. Atamva kwa mwana wawo za vuto lathu, anandibweretsera mizu youma m'kapepala. Ine maso tong'o! Ndinakulira kumudzi ku Dedza, mizu ndimaidziwa, koma iyi inali ina. Wina woyera, wautali ngati chala. Wina woduladula ngati makaka, wachikasu, wotsekemera ukaluma. Wachitatu unkangonunkha ngati m'kabati yakale. Ndinaitembenuza, kuinunkhiza, kufunsa mtengo wake. Bwana anatchula maina, lilime langa linakana.

Malamulo ake ndinawamva kudzera mwa bwanayo. Osaviika m'botolo ngati kwathu kuno, ayi. Kuwiritsa mumphika wadothi mpaka madzi atsale pang'ono, kumwa akali otentha. Kenaka agogowo analoza panja, namwaza manja: zotsalira mumphika, kataye panjira podutsa anthu.

Amayi atamva anangogwedeza mutu. “Mankhwala alionse ali ndi malamulo ake, mwanawe. Ukaphonya limodzi, wangomwa madzi.” Anabwereka mphika wadothi, nawiritsa. Fungo linafika mpaka kumpopi. Kuwawa kwake, ine ndinangolawa kamodzi n'kulavula, iwo ankamwa atatsinzina. M'mawa uliwonse ankakhuthula zotsalira pakati pa kanjira, poyera, anthu akuona, poti iwo analibe chobisa.

Kaya inali mizuyo, kaya kunali kufunda kwa nyengo, sindidziwa, koma makhololo anayamba kumasuka. Ine chimene chinkandisowetsa mtendere n'chakuti, panjira bwanji? Bwana ndinamuumiriza mpaka anafunsa mayi ake. Anabwera akuseka mwamanyazi. Akuti kwawo akale amatero kuti odutsa aponde matendawo, apite nawo kutali.

Ndinagwira pakamwa. Abale inu! Dziko lakutali chonchija, anthu odya ndi timitengo, maganizo n'kukhala omwewo a kwathu osambira mankhwala pamphambano kuti tsoka litole wina? Zinandisangalatsa kwambiri, moti mu minibasi ndinkangoseka ndekha. Nditatsika pasiteji m'pamene mtima unati phwii: ngati ine ndazindikira, a ku Chinsapo anazindikira kalekale.

Ndinapeza mayi wa nyumba yoyandikana nafe ataima patali, mwana wake wotsokomola ali kumsana, akukalipira amayi anga.

“Amayi, takulakwirani chiyani? Matenda anu mukutipatsira ana athu?”

Amayi anayankha kuti, “Ndi mankhwala a chifuwa chabe, anzanga. Andiuza kuti ndizitaya pamenepo.”

“Eya, mwanena nokha. Amene anakuuzaniyo amadziwa chimene akuchita.”

Ndinayesa kufotokoza za agogo a kushopu, koma ndikanati chiyani? Tanthauzo lake linali lomwelo ndithu. Ndinasesa mizu yonse n'kukaitaya kudzala, amayi anga akundiyang'ana, misozi ili mbwembwembwe. Zinandiwawa, chifukwa munthu ameneyu sanafunirepo mwana wa mnzake choipa.

Chifuwa chinatha. Mawu a amayi anabwerera, oyera bwino, oitanira mpaka kumsewu: “Zamoto zitumbuwa!” Koma anthu anali atayamba kale kudzera kuseri kwa bafa la aneba, kulambalala khomo lathu. Mvula yoyamba itagwa, udzu unamera pakanjira kathu, ndipo palibe phazi linaupondapo. Amayi anapirira mpaka Khirisimasi. Tsiku lina m'mawa ndinawapeza atakhala pakhonde, ufa ndi nthochi zili pambali, moto sanakoleze.

“Ndachira, mwanawe,” anatero. “Nanga ndiphikire ndani?”