Nyimbo Imene Ndinaimba Kuseri kwa Nyumba

Chaka changa chomaliza kusekondale, aphunzitsi a Chinyanja analowa m'kalasi ndi chipewa chodzaza timapepala topinda. Anati mayeso a chaka chimenecho sakhala olemba okha. Aliyense atole pepala, akapeze nyimbo ziwiri za mitundu iwiri yosiyana zonena za mutu umene watolawo, azitenge pakamwa pa anthu osati m'buku. Kenako adzaimirire pamaso pa oyesa atatu, aimbe ndime imodzi ya nyimbo iliyonse, afotokoze pamene zikufanana ndi pamene zikusiyana. Anzanga anatola ukwati, mvula, ulenje. Ine nditafunyulula langa ndinapeza palembedwa kuti imfa. Kalasi yonse inaseka, nanenso ndinaseka nawo.

Tinkakhala m'komboni ya Kalingalinga, m'nyumba ya zipinda ziwiri. Bambo anali kalipentala, mwana wa mtchona wa ku Malawi amene anabwera kudzagwira ntchito n'kufera konkuno. Mayi anali Mbemba wa kumpoto, ankagulitsa tomato ndi tinsomba ta kapenta pamsika. Ndinaona ngati mwayi wandigwera, mitundu iwiri m'nyumba imodzi. Koma bambo anali atagona miyezi itatu ndi chifuwa chachikulu, ndipo mpala wawo wopalira matabwa unali utayamba dzimbiri pansi pa bedi.

Tsiku lina tili pamzere wa ufa kusitolo ya boma, ndinapempha mayi kuti andiimbire nyimbo ya maliro ya kwawo. Ananditembenukira ngati ndawaponda chala.

"Iwe, ulibe nzeru? Nyimbo ya maliro sibaimba ngati palibe mtembo. Batate bako badwala, manje ufuna kuitana chani pa nyumba panga?"

Mumtima ndinati ndi zamakedzana. Kusukulu tinali titaphunzira za tizilombo toyambitsa matenda, ndipo sindinkaona kuti nyimbo ingaphe bwanji munthu. Ndinali woyamba m'banja mwathu kufika kalasi imeneyo, ndinkafuna kupita kukoleji ya aphunzitsi, ndipo ndinali nkhutukumve. Izi ndikuvomera.

M'komboni maliro sasowa. Atcheyamani a chipani m'dera lathu akamayenda khomo ndi khomo kulengeza zovuta, ine ndinkamanga chitenje n'kutsatira amayi, ngakhale womwalirayo sindimudziwa. Ndinkakhala pansi m'nyumba ya siwa, kumvetsera, kenako kunamizira kupita kuchimbudzi kuti ndikalembe m'kope zimene ndamva. Ku komboni ya Mtendere ndinapeza ya Chichewa, yomufunsa wakufayo kuti ana wawasiyira yani. Kwathu komweko ndinapeza ya Chibemba, yomuuza kuti atsogole, asacheuke, njira ndi yomweyo. Ndinalemba kuti ina imakalipira wakufa, ina imamuperekeza. Ndinanyadira chiganizo chimenecho sabata yathunthu.

Chinatsala ndi kuimba. Loweruka lina m'mawa, mayi ali kumsika, ndinakhala kuseri kwa nyumba kuchapa, n'kumayeseza chapansipansi, iyi ikatha ndiyambe inayo. Ndinaiwala kuti khoma limenelo linali ndi bowo pansi pa denga, lotsekedwa ndi chiguduli chabe, ndipo kuseri kwake ndi kumene kunali bedi la bambo.

Anandiitana. Ndinalowa thovu lili m'manja, anandilozera mpando umene anakhoma okha.

"Khala apo, mwanawe. Adokotala anakuuzani chiyani, iwe ndi amako?"

Mutu unandiima. Ndinati palibe, ananena kuti mukamaliza mankhwala muchira. Chinali choonadi, ndinali pomwepo iwo akunena. Ndinafotokoza za mayeso, za chipewa, ndinatulutsa kope ndi kapepala kaja. Bambo anakatenga, anakatalikitsa pang'ono kumaso, n'kuwerenga mawu amodziwo mokweza. Anakabweza m'manja mwanga bwinobwino.

"Sukulu singatume mwana kukaimba maliro. Usavutike kundinamiza. Ndamva."

Sanakalipe. Akanakalipa bwenzi ndikudziwa chochita. Lachiwiri lotsatira anakana kupita kuchipatala kukatenga mankhwala, anati miyendo ikuwawa. Linzake anakananso. Anaitanitsa mnzawo amene ankagwira naye ntchito, ndipo ndinawamva akumuuza za matabwa a mukwa amene ankasungira tebulo, kuti asagulitsidwe, ali ndi ntchito ina. Tsiku lililonse ndikabwera kusukulu ndinkagwada pambali pa bedi kuwauza kuti inali ntchito ya m'kalasi, kuti ndikhoza kubwera ndi aphunzitsi adzanene okha. Ankangoti, "Ndamva, mayi," n'kutembenukira kukhoma. Aphunzitsiwo ndinawapemphadi, anati adzabwera mayeso akatha.

Mayi atamva zimene zinachitika sanandimenye. Anangosiya kundituma. Madzi ankatunga okha, phala la bambo ankaphika okha, ine ndili pomwepo manja lende. Kunena zoona, mbama ikanandipepukira.

Bambo anatisiya kutatsala masabata awiri kuti mayeso achitike. Mipando inatulutsidwa panja, amuna anakhala kumeneko, m'nyumba munadzaza amayi. Akuchimuna anatsamira khoma lina, abale a mayi ochokera kumigodi ya ku Kopabeti khoma linalo, ndipo ankaimba mosinthana. Ndinalira zenizeni, mpaka mawu anatha. Koma pali chimene sindinauzepo munthu zaka zonsezi. M'kati mwa kulirako mutu wanga unkagwira ntchito. Ndinamva kuti wotsogolera wa Chichewa amasiya mawu m'malere kuti enawo awatole, pamene wa Chibemba amatchula ntchito za womwalirayo imodziimodzi, zitseko, mabenchi a kutchalitchi, asanamulole kupita. Kumaliro a anthu ena ndinali ndisanazimve zimenezo. Ndinadzida kwambiri, koma makutu sindinatseke.

Tsiku la mayeso ndinapita mutu uli wometa, nditamanga duku lakuda. Ndinaimba ndime zonse ziwiri mawu osanjenjemera, ndinafotokoza zonse popanda kuyang'ana m'kope. Woyesa wamkulu, bambo wa imvi, anaika cholembera pansi. Anati sanamvepo mwana wa sukulu womvetsa nyimbo zimenezi chotero, ndipo anandifunsa kumene ndinazipeza. Ndinati kunyumba.

Zotsatira zitatuluka ndinali nditaposa onse pa phunziro limenelo, ndipo malo kukoleji anapezeka. Ndinapita ndi pepalalo kumsika. Ndinapeza mayi akuunjika tomato timilu timilu, atavala zakuda zimene anayenera kukhala nazo chaka chonse. Anapukuta manja pachitenje, analandira pepalalo ndi manja awiri, analiyang'ana nthawi yaitali ngakhale Chingerezi sankachidziwa.

"Wapasa?"

"Napasa, amayi."

Analipinda momwe linalili n'kundibwezera.

"Chabwino. Vamene unali kufuna unavipeza."

Anatembenukira kwa mzimayi amene ankafunsa mtengo wa kapenta. Ndinaimabe pamenepo kudikira kuti mwina anenanso kanthu, mpaka wogula wina anandipempha kuti ndisunthe.