Bwato la Mapasa pa Damu la Esiteti

Singano ija inali yaitali kuposa chikhatho changa, yopindika kunsonga, yosokera mabelo a fodya. Chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, amayi anasokera singanoyo thanga la bwato.

Tinkakhala pa esiteti ina cha ku Mkanda, amayi ali tenanti. Fodya atagulitsidwa, amalume anatulukira kuchokera ku Salima, kumene ankasamala mabwato a alendo. Ataona damu la esiteti anaima nthawi yaitali, kenako anakapempha malata akale kwa akapitawo.

Anapanga timabwato tiwiri tatitali, tophwatalala pansi, n'kumata phula m'misoko. Anatilumikiza ndi mitengo ya bulugamu, kuyala matabwa pakati, kuimika mlongoti. Anthu ankaseka kuti ndi zomwera ng'ombe. Amayi anasoka matumba a feteleza kuti akhale thanga uku akung'ung'udza, ndipo anandiletsa kuyandikira madzi.

Koma amalume ankafuna munthu wopepuka wokhala mbali yochokera mphepo. Anawanyengerera mlungu wathunthu, mpaka amayi analola, pokhapokha ndizimanga chigubu chopanda kanthu m'chiuno.

Mwera wa mu Julaye unkawomba mozizira, wonunkha utsi wa mapesi. Poyamba bwato linkayenda mwaulesi, madzi akulira khuvukhuvu kunsi. Amalume atakoka chingwe, thanga linakhuta mphepo, mphuno za timabwato tiwiri tija zinadzuka, phokoso n'kusanduka kuti siiii. Sitinkang'ambanso madzi, tinkatsetsereka pamwamba pake. Kenako kabwato kamene ndinakhalira kananyamuka, ine m'malere, madzi akuthamanga pansi pa mapazi anga.

"Tsamira kunja, usayang'ane pansi," anatero amalume.

Ndakwerapo minibasi zothamanga pamsewu wa ku Lilongwe, koma liwiro ngati lija sindinalimvenso. Lero ndikudziwa kuti damulo linali laling'ono. Nthawi ija linali dziko lonse.

Kukhota ndiye kunali kovuta. Bwato la mapasa likayang'anizana ndi mphepo limaima, n'kuyamba kubwerera m'mbuyo, ndipo kangapo tinakathera m'mabango. Amalume ankati ukhote uli ndi liwiro, ukazengereza wagwidwa. Tsiku lina mphuno imodzi inamira, tinagudubuzika. Ndinatulukira ndikuseka, chigubu chili kukhosi. Amayi, amene sankadziwa kusambira, anali atalowa kale m'madzi mpaka m'chifuwa. Anandimenya pamsana kamodzi, kenako anandikumbatira osandisiya. Loweruka lotsatira aphunzitsi anga anabwera panjinga kudzapempha kukwera nawo, nsapato zili m'manja.

Mu Ogasiti amalume anandipatsa chiwongolero. Patapita masiku anandipatsanso chingwe cha thanga, iwo n'kugona chagada pamatabwa, akungondiuza poti ndikoke ndi poti nditayirire. Kumapeto kwa mweziwo anasiya kukwera. Ankakhala pamtunda atafunda bulangete dzuwa lili phwee, ndipo m'malo mwawo ankakwera aphunzitsi.

Tsiku limene ndinawoloka damu lonse n'kukhota osaima, ndinakuwa kuti amalume aone. Anakweza dzanja pang'ono. Amayi anali atawagwirira mkonowo pachigongono.

Ndinkayenda modzitama pa esiteti yonse, kuuza aliyense kuti amalume andisiyira bwato chifukwa ndawaposa. Sindinadzifunse chifukwa chimene munthu wokonda mphepo chotero anachokera kunyanja n'kubwera kudzakhala kwa mlongo wake, kapena chifukwa chimene ankandiphunzitsira mofulumira choncho.