Dzina Silidziwika

Ndikukumbukira fungo la mlombwa pakhonde pathu ku Highfield, m'dziko la Ashona, zaka zija nkhondo itafika povuta. Bambo anga a Kaphuka, mmisiri wochokera ku Dedza, anatha miyezi itatu akusema Mayi Mariya atabereka mwana kumbuyo. Nkhope anatengera ya amayi anga, ndi mpata wa mano womwe. Amonke a kunja kwa mzinda anabwera pa galimoto n'kutenga chosemacho.

Chaka chotsatira ife ana a katekisimu tinapita kukacheza kwa amonkewo. Panjira asilikali anatitsitsa m'basi kawiri, kufufuza mpaka m'mbatata zathu zootcha. Titafika, mmonke wachizungu wa ndevu zoyera anatilowetsa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale za chipani chawo. Munali zii, mukununkhira lubani ndi polishi. Tinaona zikho zagolide, mikanjo ya Misa yodyedwa ndi njenjete, mabuku achilatini, ndi zithunzi za azungu amene anayambitsa nyumbayo, aliyense dzina lake pansi. Ngakhale bulu amene anawanyamulira katundu anali ndi chithunzi ndi dzina.

Pakona, m'galasi, ndinangoona amayi anga akumwetulira. Pansi pake panali kapepala ka Chingerezi: mmisiri wachikuda, dzina silidziwika.

"Likudziwika!" ndinakuwa. "Ndi bambo anga! Kwathu munafika, tiyi munamwa!"

Mmonke uja anandisisita m'mutu. "Pamaso pa Mulungu mayina alibe ntchito, mwana wanga."

"Nanga la bulu?"

Aphunzitsi athu anandipotokola khutu. "Nyarara iwe, muBhurandaya!" anatero m'Chishona, kutanthauza kuti ndikhale chete, ine mwana wa obwera. Ananditulutsa, ndipo ndinakhala padzuwa mpaka anzanga anamaliza, misozi ili chuchuchu, osati chifukwa cha khutu ayi.

Kunyumba bambo anamvetsera zonse akupala thabwa. Anangoti, "Akulu sawayankha choncho, Estere." Koma kuyambira tsiku limenelo sanasemenso woyera aliyense. Anangokhala wa mipando ndi mabokosi a maliro mpaka imfa yawo.

Lero zinthu zinasintha. Amonke a kumeneko ndi ana athu omwe, Misa amaimba m'Chishona, ndipo ana asukulu amajambula m'magalasi muja ndi mafoni popanda wowapotokola khutu. Nditawalembera makalata okhudza dzina la bambo kwa zaka zambiri, anavomera kuti nyumba yawo inalakwa, n'kundiitana kuti ndikalankhule mawu othokoza pamaso pa alendo. Ndinapita, ndinavala bwino, ndinaimirira. Koma zikomo sindinanene. Ndinangowauza kuti munthu woyenera kumva zonsezi anagona kale kumanda, nyumba yawoyo itawalanda ntchito manja ake iye ali moyo.