Mizere ya Mayi Getrude

A Lamson Chikadza anajambula makaseti anayi ku Dedza, onse m'kalasi, pa wailesi ya mabatire. Gitala wa chigubu, nyimbo zakumunda ndi zauzimu. Pa kaseti yoyamba, ya 1987, tambala akumveka kuposa iwo. Ndimawauza kuti amene anatchuka ndi tambalayo.

Kuimba kwawo kunali kwa awiri. Iwo akaponya mzere, akazi awo, mayi Getrude, ankauwakha. Mayiwo atamwalira, mwana wawo Prisca, namwino, anawatengera bambo ake kuno kutsidya kwa nyanja, ku Ellenbrook. Makaseti anabwera nawo, koma dzuwa la Januwale linawasungunula m'galimoto. Mwini galimotoyo sindimutchula, ndimadya naye mbale imodzi tsiku lililonse.

Chaka chatha dokotala anati pakhosi pa a Lamson pafunika opaleshoni, ndipo mwina mawu sadzabwerera. Kunatsala milungu itatu, nyimbo zonse zili m'mutu mwawo basi. Ndinawatengera kwa Chileshe, mnzanga wa ku Zambia woyendetsa thiraki ku Kewdale, amene ali ndi situdiyo m'galaja.

A Lamson anaimba mzere woyamba, n'kukhala chete.

"Mudala, pitilizani chabe," anatero Chileshe.

"Ndikudikira."

"Mudikira ndani?"

A Lamson anangoyang'ana kumanzere kwawo, komwe kunali njinga ya ana. Ndinayesa kuvomera ineyo.

"Achimwene," anatero, "inu muzingoyendetsa galimoto. Ngakhale kumeneko tinaonako."

Masana Prisca anabwera kudzawatenga, yunifolomu ili m'thupi. Tinali tisanajambule kanthu.

"Ima apa," anatero a Lamson.

"Adadi, ine kuimba sinditha."

"Kaseti yachiwiri ulimo. Unali kumsana kwa amayi ako, unalira nyimbo zitatu zathunthu. Ndiwe wakale m'gululi."

Anaponyanso mzere. Prisca anatseka maso, n'kuuwakha. Mawu onse ankawadziwa, ati amayi ake ankaimba pochapa. A Lamson anavula magalasi, n'kuwapukuta nthawi yaitali.

"Wakweza pang'ono," anatero. "Tiyenso."

Tinajambula nyimbo khumi ndi imodzi m'masiku anayi. Pa yomaliza pakumveka khwangwala wa kuno, uja amalira ngati wakana chakudya. Chileshe anafuna kumuchotsa, a Lamson anakana.

Mawu sanabwerere, pano amangonong'ona. Lamlungu popita kutchalitchi timaika nyimbozo m'galimoto yomwe ija. Mizere yawo amangoimvera. Ikafika ya mayi Getrude, milomo yawo imayenda.