Chuni cha Amama M'nkhungu ya ku Luwawa

Fungo la utomoni wa paini likandifika m'mphuno, ngakhale ndikungodutsa pamalo ogulitsa matabwa, ndimabwerera ku Luwawa, m'nyengo yozizira ya chaka chimene amama anamwalira. Ndinali ndisanakwane zaka khumi. Tinkakhala m'mphepete mwa nkhalango, m'nyumba ya zidina yofolera malata akale. Adada ankacheka matabwa, ndipo utuchi unali paliponse: m'tsitsi mwawo, m'matumba a jekete, ngakhale m'bulangete limene ndinkafunda. M'mawa nkhungu inkakwera kuchokera kudamu n'kumeza khola la mbuzi, kenako nkhokwe, kenako mtengo wa mapichesi wa pakhomo. Ukatuluka panja ndi kapu ya tiyi, nthunzi ya tiyiyo ndi nkhungu sunkazisiyanitsa.

Azimayi akwathu akalowa m'nkhalango kukatola nkhuni, ankaitanana ndi ana awo moimba. Paini anabzalidwa m'mizere yofanana ngati mano a chipeso, ndipo nkhungu ikatseka, kumanja ndi kumanzere kumakhala chimodzimodzi. Mawu oitanira anali amodzi kwa aliyense, m'Chitumbuka chathu: mayi ankaimba kuti "Uli nkhu?", kufunsa kuti uli kuti, mwana n'kuyankha kuti "Nili pano." Koma mayi aliyense anali ndi chuni chakechake, ndipo mwana sankayankha chuni cha mayi wina. Amama, a NyaTembo, anapeka chawo ali mtsikana, pamene ankayenda ndi mlongo wawo wamng'ono kutsidya lina la nkhalango yomweyo. Atabereka ine, anangochisasa fumbi n'kuyamba kundiitanira.

Anadwala chimanga chikuuma m'munda, ndipo sanafike pokolola. Titawaika m'manda, ndinazindikira chinthu chimene chinandiopsa kuposa bokosi lija: chuni choitanira chinali chitandithawa. Yankho langa ndinkalidziwa bwinobwino, linkakwera pang'ono n'kutsika mofatsa. Koma gawo la amama linali litasowa. Ndikatseka maso ndinkawaona, chitenje chawo chobiriwira, nkhata pamutu, milomo ikuyenda, koma mawu osamveka. Akuluakulu amati kalowa m'khutu kayaza mphasa, ndipo ine ndinkadzifunsa kuti nanga kanga kanayalula liti mphasa yake. Sindinauze munthu. Ndinkaopa kuti chuni chikapitiratu, nkhope nayonso itsatira.

Mlongo wa amama uja, asibweni a Gomezgani, ndiye kuti amalume, anafika kuchokera ku Joni maliro ataikidwa kale. Anatsika pa lole ya matabwa, ndipo ana tonse tinathawira kuseri kwa nkhokwe. Mutu wawo unali wometedwa m'mbali, pakati tsitsi litaima njo, lofiira ngati lipombo la tambala. Jekete lawo lachikopa linali lodzaza mapini ndi tizitsulo, ndipo nsapato zinali zazikulu, zolemera, zomanga zingwe mpaka m'miyendo. Azimayi a kutchalitchi anaisiyira pakati nyimbo imene ankaimba. Asibweni sanaone aliyense wa ife. Anagwada pakhomo la nyumba n'kulira mokweza, akutchula dzina la utsikana la amama limene ine ndinali ndisanalimvepo.

Tsiku lotsatira linali lometa, ndipo nanenso anandimeta. Kwathu ambiri amangochotsa pang'ono pamphumi kuti mwambo wa maliro uoneke kuti wachitika, koma azakhali anga, amene anagwira lezala, anaima kutsogolo kwa tsitsi lofiira lija osadziwa poyambira. "Metani lonse, ndapota," anatero asibweni. Linagwa pansi m'zidutswa zolimba chifukwa cha mankhwala amene ankaliimikira, ndipo nkhuku zinathamangira kudzalijompha n'kuchoka zitagwiritsidwa mwala. Mutu utayera, azimayi anayambiranso kulira. Makutu otuluka aja, mphumi yotakata ija, anali amama enieni.

Asibweni anati akhala nafe milungu ingapo. Ku Joni ankapenta nyumba za anthu, koma kumapeto a sabata ankaimba m'gulu la anzawo nyimbo zotchedwa panki. Tsiku lina anatiyatsira imodzi pafoni. Ng'oma zinkathamanga ngati njinga yoduka mabuleki pachitunda, magitala akukalipa, pamwamba pake munthu akukuwa mpaka kusasa mawu. Munthuyo anali iwo. Adada anamvetsera mpaka kumapeto mwaulemu wa pachilamu, kenako anati, "Alamu, phokoso lomweli makina athu amapanga tsiku ndi tsiku, koma palibe amawaombera m'manja." Asibweni anaseka koyamba chifikireni. Anafotokoza kuti kumeneko ukalankhula mofatsa palibe amakumva, kaya ndi bwana, kaya mwininyumba, kaya wapolisi wofunsa mapepala, mbwenu umangokuwa.

Gitala yawo yamagetsi anali ataisiya komweko. Anatola thabwa lotsala la paini, chigubu cha mafuta ophikira ndi mawaya a mabuleki a njinga, n'kupanga banjo yonga ya abusa a ng'ombe. Inkalira motsika, mokhala ngati ili ndi chimfine. Anzawo a gulu ankaimba foni pafupipafupi, ndipo asibweni ankakwera pachulu pomwe netiweki inkagwira, n'kumakangana nawo m'Chingerezi chosakaniza ndi Chizulu, dzanja likuuluka m'mwamba. Atatsika tsiku lina, ndinawafunsa ngati gululo alisiya.

"Yayi, Wezi," anatero. "Gulu lija ndi munda waukulu, ndibwererako. Koma munthu amafunanso kadimba kakekake kumbali. Zaka zonsezi ndakhala ndikukuwa kuti ndili pano, ndili pano, anthu n'kumalumpha, koma palibe anandifunsapo kuti ndili kuti. Ndatopa chomene. Ndikufuna nyimbo yoti wina aitane, wina ayankhe."

Atatero anakhudza mawaya n'kuimba "Nili pano", chuni changa chenicheni, kukwera pang'ono n'kutsika mofatsa. Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amama ako ankayamba bwanji? Ine chandithawa." Ndinayamba kulira, ndipo iwo anamvetsa osafunsanso. Tonse awiri tinali oyankha okhaokha. Zaka zonsezo tinkangodikira kuti gawo lathu lifike, osaganiza kuti la woitana lidzafunika kusunga.

Tinayamba kuyenda khomo ndi khomo. Azimayi amene ankatola nkhuni ndi amama ankasiya kutong'ola chimanga, kuyang'ana m'mwamba, n'kuyamba molimba mtima, koma aliyense ankathera m'chuni chake. A NyaJere, amene ankadzitama kuti iwo ndi amama anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo, anaimba zosiyanasiyana n'kulumbira kuti zonsezo n'chimodzi. Tinafika mpaka kwawo kwa amama, chakufupi ndi Champhira, pa njinga yobwereka, ine nditakhala pakaliyala wopanda khushoni. Kumeneko anatipatsa mbatata ndi madandaulo, koma chuni ayi. Adada nawonso anayesa, ngakhale kuimba sikunali kwawo, ndipo anathera pa kutsokomola n'kutuluka panja.

Masiku amenewo ndikamawakumbukira sindisiyanitsa kwenikweni zimene ndinaona ndi zimene ndinalota. Dzuwa linkatuluka mochedwa, lotuwa, loti ukhoza kuliyang'ana osaphethira. Asibweni ankakhala pachitsa kuseri kwa khitchini, foni ataitsamiritsa pamwala, akujambula chilichonse chomveka: mphepo m'nsonga za paini, madontho a nkhungu akugwa kuchokera pamalata, macheka akutali, mbuzi ikuitana mwana wake. Ine ndinkaotcha kachewere m'phulusa n'kumawapatsa wopserera, wabwino n'kudya ndekha. Nthawi zina ndikaodzera padzuwa, chuni chija chinkabwera pafupi, kuseri kwa khutu, koma ndikangoti ndichigwire chinkasungunuka. Tsitsi la asibweni linayamba kumera, lakuda ngati la wina aliyense, ndipo tikiti ya basi yobwerera ku Joni inali itagulidwa kale.

M'mawa wina nkhuni zinatha, ndipo tinalowa m'nkhalango tili awiri. Pansi panali pofewa ndi masamba a paini, mapazi osamveka. Asibweni ankathyola nthambi zouma, ine ndikutola tizipatso touma ta paini toyatsira moto, kena apa, kena patsogolo, kena patsogolo pake. Nditaweramuka, nkhungu inali itatseka. Mizere ya mitengo inkalowa m'choyera mbali zonse, yofanana yokhayokha. Ndinathamanga pang'ono, ndinabwerera, n'kupeza kuti sindikudziwanso kumene ndachokera. Kunali zii, kupatula madontho ogwa m'nthambi.

Ndinaimba yankho langa, koma linamveka lopusa, poti panalibe wondifunsa. Ndinakhala pansi, tizipatso tija tili m'chitenje. Kenako ndinaganiza za asibweni, munthu wa m'tauni amene nkhalango anaisiya kalekale, ndi nsapato zawo zolemera zija. Mwina osochera anali iwo, ndipo kumunsi kunali damu. Mantha anga anatembenuka, anakhala oopera munthu wina. Ndinaimirira, ndinaika dzanja pambali pa kamwa monga ankachitira amama, ndipo chuni chinatuluka chokha. Chinayambira m'mwamba, chinagwedera pakati, n'kukokera kutali mawu omaliza. "Uli nkhu?"

Panapita kanthawi. Kenako kumanzere, chapatali, mawu osasa a munthu wamkulu anayankha motsika. Ndinaitananso, anayankhanso, chapafupi. Tinapitiriza ngakhale titayamba kuonana, mpaka anatulukira m'nkhungu opanda nkhuni ngakhale imodzi, nkhope ili yonyowa. Anagwada kuti tilingane msinkhu. "Yimbaso," anatero, ndipo ndinaimbanso. Foni inali m'thumba mwawo, koma sanaitulutse.

Masiku otsalawo anajambula nyimbo yawo kuseri kwa khitchini, osandilola kuyandikira. Tsiku lonyamuka anaiika m'foni ya adada, ndipo tinaimvetsera titaima pamsewu kudikira lole. Inayamba ndi mphepo ndi madontho, banjo ikulira pansipansi. Kenako banjo inaleka, panali mpata wa zii, ndipo mawu a asibweni anati, "Nili pano." Banjo inayambanso, inalekanso, mpata wina, yankho lina. Chuni cha amama munalibemo. Ndinapsa mtima koopsa. Tavutika nyengo yonse, kukwera njinga mpaka matako kuwawa, ine kusochera m'nkhalango, ndiye iwo n'kuchisiya kunja! Ndinakana kuwapatsa dzanja. Iwo anangondigwira pamutu, pomwe tsitsi langanso linkamera, n'kunena kuti, "Icho n'chako, mwana wa mlongo wanga." Lole inafika, anakwera pamwamba pa matabwa, ndipo nkhungu inawameza asanafike pokhota.

Anabwereradi kumunda wawo waukulu. Tsitsi linaimanso njo, ulendo uno lobiriwira, ndipo anapitiriza kukuwa ndi anzawo aja. M'kadimba kawo anajambulamo nyimbo zina zofatsa, zimene anzawowo ankaziseka kuti n'zogonetsa ana. Patapita zaka, nawonso anabwera kwathu m'bokosi, pa ngolo yokokedwa ndi galimoto, ndipo azakhali anatulutsanso lezala.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti asibweni anachita ulesi, kapena kuti mawu anga sanawakomere. Pano ndine mayi wa ana anga, ndimakhala ku Mzimba boma kumene nkhungu sikhalitsa, ndipo nyimbo ija yasamuka nane m'mafoni ambiri. Ndinaimvetsa mochedwa, tsiku limene ndinayesa kuimbira limodzi: mipata ija anachita kuiyeza. Uliwonse umakwana chuni cha amama ndendende, n'kutsala kanthawi kopumira. Masiku amene zinthu zandithina ndimatseka chitseko n'kuiyatsa, ndipo banjo ikaleka ndimaitana. Asibweni amayankha.