Pansi pa Tebulo, Pafupi ndi Mapazi a Apongozi

Apongozi anga aamuna anabwera ku Toronto, ku Canada, mu Disembala wa 1996 kudzaonetsa maso awo kwa dokotala. Anali mkulu wa mpingo kwathu ku Ntcheu, munthu wosaseka wamba. Ine chikwatiwire ndinali ndisanadyepo nawo pamodzi. Ngakhale m'kanyumba kathu kam'mwamba ku Scarborough, dera la mu Toronto momwemo, ndinkawapatsa chakudya nditagwada, n'kukadyera kukhitchini.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la mayi wina wamasiye wochokera ku France, wa imvi mutu wonse. Chaka chatsopano chitangolowa, anatiitana kuti Lamlungu masana tikadye naye keke ya mafumu. Apongozi atamva kuti ndi mwambo wokumbukira anzeru a kum'mawa aja, anavala jekete ndi tayi, natenga Baibulo. Ankayesa kuti kuli mapemphero.

Keke yake inali yopyapyala, yofiirira, pamwamba atayikapo chisoti chachifumu chapepala. Mayiyo ananyamula mpeni n'kufunsa kuti wamng'ono pa tonsefe ndani. Amuna anga analoza ine.

"Ndiye lowa pansi pa tebulo," anatero mayiyo.

Ndinayesa kuti Chingerezi chandiphonya. Anabwereza, akukweza nsalu ya patebulo. Akuti wamng'ono amabisala pansipo kuti asaone podula, ndipo ndi iye amene amanena kuti chidutswa ichi chipite kwa yani.

"Bambo, ine? Pamaso pa apongozi?" ndinanong'oneza amuna anga.

"Ingolowani, mayi, tingamukhumudwitse," anayankha, maso ali kudenga.

Ndinakwawa, ine mayi wamkulumkulu, namwino wa pachipatala. Mphuno yanga inatsala pang'ono kukhudza maondo a apongozi. Ndinaona mapazi awo akubwerera pang'onopang'ono mpaka kukabisala kunsi kwa mpando. Mayiyo atafunsa za chidutswa choyamba, mawu anga anatuluka ngati a munthu wodwala: "Cha bambo." Ndinkanena apongoziwo.

Nditatuluka, sindinayang'ane munthu. Tikudya, tinangomva kuti gwa! Apongozi anasiya kutafuna. Analavulira m'dzanja, n'kuyandikiza ku diso lawo limene linkaonako bwino. Kanali kamunthu. Kachidole kolimba ngati mbale yadothi, kakang'ono ngati nyemba, koma mutu, manja ndi miyendo zonse zilipo.

Kwathu, kamunthu m'chakudya si nkhani yoseka.

"Mayiyu tinamulakwira chiyani?" apongozi anafunsa mwana wawo motsitsa mawu.

Koma mayiyo anali akuwomba m'manja. Anafotokoza kuti kachidoleko amakabisa dala, ndipo wokapeza ndiye mfumu ya tsikulo. Asanamalize n'komwe amuna anga kumasulira, chisoti chija chinali kale pamutu pa apongozi. Kenaka akuti mfumu isankhe mfumukazi. Akazi tinalipo awiri okha, ndipo ine sakanandiloza. Analoza mwini nyumba.

Mayiyo anawagwira mapewa n'kuwapsompsona tsaya ili ndi ili.

Foloko inandigwa m'manja. Apongozi anauma gwa pampando, chisoti chitapendekeka, Baibulo lili pamiyendo.

Potuluka, mayiyo anawakulungira kachidoleko kuti apite nako. Iwo analandira ndi manja awiri, koma chitseko chitangotsekedwa analamula mwana wawo kuti akakaponye kotaya zinyalala, iwo akuonerera. Titalowa m'nyumba anatembenukira kwa ine.

"Apongozi, zaoneka lerozi, ku Ntcheu zisamveke."

Ndinasunga pakamwa. Ngakhale mng'ono wanga weniweni sindinamuuze.

Patapita zaka tinapita kumudzi. Ndisanatsitse n'komwe chikwama, apongozi anga aakazi anandigwira dzanja, akuseka mpaka misozi.

"Kodi ndi zoona kuti bambowa anawalonga ufumu ku Canada, inu mutalowa pansi pa tebulo?"

Mudzi wonse unkadziwa. Anafotokoza okha bambowo, ngakhale kumpingo. Za tsaya zokha ndi zimene anasiya, ndipo nanenso sindinawonjezepo.