M'fupa la Tadala

Dokotala akubaya fupa la m'chiuno la mwana wanga Tadala kuti aone chifukwa chake magazi ake sakuundana. Kenaka ndili m'kati mwa fupalo. Muli mofiira, motentha. Azimayi akuluakulu ngati nkhokwe akhala pansi, akubenthula tizidutswa ta matupi awo n'kumaponya mumtsinje wa magazi kuti tikatseke mabala.

Mmodzi wangopinda manja.

"Mayi, chonde ponyani," ndikuwapempha. "Mwana wanga akutuluka kamfuno kosalekeza."

"Ife tatha," akutero osandiyang'ana. "Benthulani lanu."

Ndikudzitsina pamkono ndi mphamvu zonse, koma thupi langa silikubenthuka. Mtsinje ukukwera, wafika m'mawondo.

Ndadzidzimuka pabenchi m'wodi ya ana, zikhadabo zikadali m'mkono, ndikuopa kuyang'ana papilo pa Tadala.